Besi ikulira tsii ndikasuntha zala: nditani?

Funso: Ndimaimba besi gitala ku tchalitchi kwathu, ndipo papita zaka ziwiri chiyambireni. Mwezi wathawu ndinagula nsambo zatsopano, koma chiziikireni, ndikangosuntha dzanja pa khosi la gitala kumamveka kaphokoso ka tsii m'masipika. Amene amakhala pa mikisa akudandaula, ndipo titajambula pa foni kaphokosoko kakumveka kuposa besi yeniyeniyo. Kodi ndinagula nsambo zolakwika? Ndichite chiyani?

Yankho: Achimwene, mtima m'malo, ndalama zanu sizinapite pachabe. Nsambo zatsopano za mtundu umene umapezeka kwambiri m'masitolo zimatero zonse, ndipo kaphokosoko kadzachepa kokha mukaziimba sabata ziwiri kapena zitatu. Koma sikadzatheratu. Nsambo zakale zija zinali zitadzaza thukuta ndi litsiro, mawu ake okwera atafa, ndiye zinkabisa zimene dzanja lanu lakhala likuchita nthawi yonseyi. Zatsopanozi zangoulula. N'chifukwa chake ndikhalitsa pa nkhani ya dzanja, makamaka pa kanthawi kochepa kamene chala chimachoka pa noti ina kupita pa inzake. Za mabatani ndi za mitundu ya nsambo tizikamba pambuyo pake.

Timvane kaye za phokoso lake, chifukwa besi ili ndi maphokoso angapo ndipo lililonse lili ndi mankhwala akeake. Ngati noti ikulira limodzi ndi ka zzz, ndiye kuti nsambo ikukhudza fret (kachitsulo kopingasa pa khosi la gitala) ina kutsogolo kwa chala; limenelo ndi vuto la makonzedwe a gitala kapena la kukanikiza patali ndi fret. Ngati sipika ikungong'ung'udza ngakhale simukuimba, onani chingwe ndi magetsi. Lanulo liyeseni chonchi: musakhwatche nsambo, ingoikani chala pa nsambo ya E (yonenepa kwambiri ija), muchiyendetse kuchoka pa fret ya 3 kukafika pa 8. Ngati tsii uja wamveka, tili pa mutu umodzi.

Tsopano tengani gitalayo mupite nayo powala, muyang'anitsitse nsambo ya E. Muona kuti m'kati muli waya mmodzi, ndipo kunja kwake anakulungako waya wina wobulungira, kuzungulira kuyambira kumutu mpaka kumapeto. Nsambo zotere amazitcha roundwound. Kukulungako kumasiya timizere tambirimbiri totukuka, ndipo khungu la chala likamadutsa pamenepo limakodwa n'kumasuka, kukodwa n'kumasuka, maulendo ochuluka pa sekondi imodzi, monga muja mwana amayendetsera kamtengo pa malata. Mukathamangitsa chala, kulirako kumakwera. Mukachiyendetsa pang'onopang'ono, kumangomveka ngati kukhula. Pickup, kachipangizo ka pansi pa nsambo kotola kugwedezeka kwake, siisankha: chilichonse chogwedeza nsambo imachitumiza ku amplifaya. Anzathu a gitala wamba ali ndi nsambo zoonda zosakulunga zimene sizilira chotere, koma pa besi nsambo zonse zinayi n'zokulunga, palibe pothawira.

Chothandiza n'chakuti kaphokosoko kamakhala kutali kwambiri ndi mawu enieni a besi. Nsambo ya E ikalira yosagwira imanjenjemera maulendo 41 pa sekondi, ya A maulendo 55, ya D 73, ya G 98. Tsii uja amakhala kumwamba, kuyambira cha pa 2,000 mpaka 5,000 ndi kupitirira. Sungani manambala amenewa, tiwafuna tikafika pa mikisa.

Chala chimakhala m'njira zitatu pa nsambo. Chikhoza kukanikiza mpaka nsambo yagona pa fret. Chikhoza kuchokeratu osaikhudza n'komwe. Kapena chikhoza kukhala pakatikati, chamasulako mphamvu koma chikadagwirabe nsambo. Kaphokoso kanu kamabadwira pachitatupo. Oimba ambiri amene anadziphunzitsa okha amachita chimenechi osadziwa: noti ikatha amamasula chala theka, n'kuchikwekweza pa nsambo mpaka pa noti yotsatira, chifukwa nsamboyo imawalondolera njira ndipo amaopa kusochera akaisiya. Mantha amenewa ndi omveka, koma kukwekwezako n'kumene mnzanu wa pa mikisa akumva.

Nayi ntchito yoti muzichita, ndipo musaiderere poona kuphweka kwake. Lumikizani gitala ku amplifaya, mutsegule batani la tone (lodula mawu okwera) mpaka kumapeto, mukwezenso treble (batani la mawu okwera). Poyeserera tikufuna kuti kaphokoso kalikonse kamveke, kasabisale. Ikani chala chamkombaphala pa fret ya 3 ya nsambo ya E, imeneyo ndi G, muiimbe. Kenako chitani zinthu zinayi, chilichonse pachokha, mukupumira pakati. Masulani mphamvu kuti noti ileke kulira, chala chili pomwepo. Tukulani chala molunjika m'mwamba, pang'ono chabe, mpata woti kapepala kangadutse. Sunthani dzanja lonse mpaka chala chifike pamwamba pa fret ya 8, pamene pali C, chikadali m'malere. Dzanja litaima, tsitsani chala molunjika, kanikizani, imbani. Bwererani ku G mwa njira yomweyo.

Mvetserani malo awiri: ponyamuka ndi potera. Ambiri amakonza ponyamuka koma n'kumalakwitsa potera, chifukwa chala chimakhudza nsambo dzanja lisanaime, ndiye kachigawo komaliza ka ulendowo kamakwekwezekabe. Ena amayamba kusuntha chala chisanachoke bwinobwino. Mukamva tsii kumayambiriro, mwafulumira kunyamuka. Mukamumva kumapeto, mwafulumira kutera. Ikani metronome ya pa foni (pulogalamu yogunda mofanana yosungira nthawi) pa kugunda 60 pa mphindi, chinthu chimodzi pa kugunda kulikonse. Zikayera, phatikizani ziwiri pa kugunda kumodzi, kenako zonse zinayi. Mphindi khumi tsiku lililonse n'zabwino kuposa maola awiri Loweruka lokha, chifukwa dzanja limaphunzira ndi kubwereza kwa tsiku ndi tsiku. Mukatero sinthani chala, sinthaninso nsambo, makamaka A, imene imayendedwa kwambiri.

Mukangoyamba kutukula chala mupeza vuto lina: nsambo imene mwaisiyayo iyamba kulira yokha chapansipansi, mwina n'kumveka ngati mwaikhwatcha. Apa mpamene anthu ambiri amabwerera ku chizolowezi chakale, poganiza kuti kukwekweza kunali bwino. Musabwerere. Nsambo imeneyo ndi ntchito ya dzanja lokhwatchira. Pa nthawi imene chala cha pa khosi chikumasula, chala chokhwatchira chimene chiimbe noti yotsatira chikhale chitagona kale pa nsamboyo, kuigwira kuti ikhale chete. Ngati G munaiimba ndi chamkombaphala, chala chapakati chitere pa nsambo msanga, chidikire pomwepo mpaka dzanja linalo litafika pa C. Manja awiriwa amalandizana nsambo, ndipo palibe nthawi imene imatsala yopanda woigwira. Chala chachikulu cha dzanja lokhwatchira nacho chisamangokhala pa pickup nthawi zonse. Mukamaimba pa A chigone pa E, mukamaimba pa D chitsikire pa A uku mbali yake ikukhudza E. Nsambo zimene simukuziimba zikakhala chete, besi yonse imamveka yoyera, ndipo mumayamba kumva bwino chimene chatsala choti mukonze.

Pali chinthu china chimene sichioneka kutsogolo: chala chachikulu cha kumbuyo kwa khosi. Chimenechi chikafinya khosi, zala za kutsogolo sizingamasuke, chifukwa zimagwira ntchito mopanana nacho. Pomasula noti, masulaninso chala chachikulucho. Ulendo wochoka pa fret ya 3 kupita pa 8 uyambire ku chigongono, mkono wonse uyende pamodzi, chala chachikulu chisatsalire m'mbuyo n'kumakokedwa. Yesaninso ichi mutaimirira: siyani gitala ndi manja onse awiri. Ngati mutu wake ukugwera pansi, ndiye kuti dzanja lanu lakhala likugwira ntchito ziwiri, kuimba ndi kunyamula khosi, ndipo dzanja lonyamula katundu silingasiye nsambo. Pezani lamba wamkulu m'lifupi, wokhakhala kunsi kwake kuti asamatsetsereke pa phewa, ndipo mukwezeko gitala ifike cha pa mimba. Ndaona oimba amene phokoso lawo linachepa kwambiri atangosintha lamba.

Komanso dzifunseni ngati ulendowo ukufunika n'komwe. C amene tamupeza pa fret ya 8 ya E uja alinso pa fret ya 3 ya nsambo ya A, pansi penipeni pa G. D ali pa fret ya 5 ya A, ndipo E ali pa fret ya 2 ya nsambo ya D. Nyimbo ya mu kiyi ya G yoyenda pa G, C, D ndi E minor mukhoza kuiimba yonse dzanja lili malo amodzi. Oyamba kumene ambiri amaimba ndi zala ziwiri zokha, n'kumathamanga chokwera ndi chotsika pa nsambo imodzi, ndipo ulendo uliwonse ndi mpata wa phokoso. Phunzitsani kachala kakang'ono kugwira ntchito. Kumunsi kwa khosi, kumene ma fret ndi otalikirana, gwiritsani ntchito chala choyamba, chachiwiri ndi chachinayi pa ma fret atatu, monga amachitira a besi yaikulu yoimirira potsatira njira ya Franz Simandl, mphunzitsi wakale wa besi yoteroyo; dzanja silitopa ndipo silifinya. Ngati ulendo wautali sungapeweke, onani ngati pali noti ya nsambo yosagwira imene ingalowe pakati. Pamene A kapena D akulira yekha, dzanja lili ndi nthawi yoyenda m'malere popanda wolithamangitsa.

Nthawi yosunthira nayo ndi yofunika. Noti siiyenera kugwiridwa mpaka yotsatira itafika pakhomo. Isiyeni msanga pang'ono; kampata kachete kameneko kamapatsa dzanja nthawi, ndipo kamachititsa kuti besi ivinike bwino. Mvetserani besi ya reggae, monga ya Aston Barrett wa gulu la The Wailers: mipata yake ndi yochuluka ngati manoti ake. Ndipo mukamaimba ndi woimba ng'oma, sunthani dzanja pamene sineya (ng'oma yaing'ono ya mawu akuthwa) ikulira. Sineya ndi hi-hat (timbale tiwiri tachitsulo ta pa ng'oma) zimadzaza malo omwewo a kumwamba kumene tsii amakhala, ndiye kaphokoso kakang'ono kotsalira kamamira momwemo. Malo oopsa ndi amene nyimbo yatsika, kwatsala kiyibodi ndi mawu a wotsogolera, monga nthawi ya kupembedza. Pamenepo chepetsani maulendo, imbani manoti aatali oyandikana pa khosi.

Sindikuti musamatsetsereke pa nsambo. Kutsetsereka mwadala ndi mbali ya kukoma kwa besi, ndipo aliyense amene anamvetsera sungura ya Alick Macheso wa ku Zimbabwe, amene amaimbanso m'Chichewa, akudziwa mmene besi yoyendayenda pa khosi lonse imasangalatsira. Kusiyana kwake n'kwakuti potsetsereka mwadala chala chimakanikiza mokwanira ulendo wonse, nsambo ili pa ma fret, ndiye chomveka ndi noti ikukwera kapena kutsika, ndipo imaphimba kukhula kwa khungu. Potero gonekaniko chala pang'ono kuti chiyende ndi mnofu wofewa wa kunsi kwa nsonga m'malo mwa nsonga yolimbayo. Choncho sankhani chimodzi: kanikizani kwathunthu kapena chokanipo kwathunthu.

Khungu lenilenilo lili ndi gawo lake. Zaka ziwiri za kuimba zakupatsani khungu lolimba kunsonga kwa zala, ndipo n'lofunika, koma likauma n'kuyamba kusupuka m'mbali limakodwa kwambiri m'timizere tija. Miyezi yozizira ya June ndi July, pamene khungu limauma, phokosoli limakula. Salazani pokhakhalapo pang'ono ndi kopalira zikhadabo, ndipo usiku pogona dzolani gilisilini kapena mafuta odzola kuti khungu lifewe. Poimba pamafunika manja oyera ndi ouma. Sambani m'manja padakali nthawi, osati mphindi yomwe mukukwera kutsogolo, chifukwa khungu lonyowa limamata pa nsambo ndipo limachedwa kumasuka. Pali mankhwala opangira ntchito imeneyi, monga Fast Fret wa kampani ya GHS, amene amapakidwa pa nsambo kuti ziziterera. Amathandizadi, ngakhale kwa kanthawi. Koma Vaseline kapena mafuta ophikira musaike pa nsambo. Amalowa m'timizere, amakoka fumbi, ndipo nsambo zanu zatsopanozo zifa msanga. Chosafuna ndalama ndi kansalu kouma: mukamaliza kuimba pukutani nsambo iliyonse pamwamba ndi pansi, makamaka nthawi ya dzinja pamene dzimbiri silichedwa kugwira. Nsambo ya dzimbiri imakhakhala kuposa yatsopano.

Popeza nsambo za besi n'zodula, ndikudziwa kuti ambiri timaziwiritsa m'madzi zikafa kuti zidzuke. Zimadzukadi kwa masiku angapo, koma dziwani kuti tsii amadzuka nazo limodzi, chifukwa litsiro limene linatseka timizere lachoka. Musaziwiritse dzulo lake la tsiku lojambula nyimbo yofatsa.

Dzanja lokhwatchira nalo limapanga phokoso lakelake, ndipo limapangira pamwamba penipeni pa pickup. Wengani zikhadabo za zala ziwiri zokhwatchirazo mpaka zisamakhudze nsambo. Chala chidutse nsambo mopingasa n'kukagona pa nsambo ya pamwamba pake. Chikamadutsa chopendekeka chimayamba chakhula timizere chisanaimasule. Chala chachikulu posamuka kuchoka pa nsambo ina kupita pa ina chinyamuke, chisakwekwezeke. Ndipo onani kukula kwa mphamvu imene mukukhwatchira. Mukamenya kwambiri, nsambo imakagunda ma fret n'kumalira ta, ta, ndipo dzanja linalo nalo limalimba motsanzira. Mukakhwatcha mofooka kwambiri n'kukweza voliyumu kuti mumveke, mwakwezanso phokoso la zala. Pakati pake pali mphamvu imene noti imatuluka yonenepa popanda kugunda ma fret. Ifufuzeni pa gitala yanuyo, chifukwa gitala iliyonse ili ndi pake.

Makonzedwe a gitala ndingowakhudza. Nsambo zikatalikira kwambiri kuchoka pa ma fret mumakakamizika kufinya, ndipo dzanja lofinya limachedwa kumasula. Pa fret ya 12, mpata wa pakati pa nsambo ya E ndi fret ukakhala cha pa mamilimita 2 kapena 2.5 ndi wabwino kwa oimba ambiri. Ngati wanu ndi waukulu kuposa apo, pitani nayo kwa munthu wodziwa kukonza magitala. Chitsulo cha m'kati mwa khosi, truss rod, musachipotokole mwachisawawa.

Tsopano tifike pa mabatani, ndipo apa mupeza mpumulo wa msanga Lamlungu likubwerali pamene dzanja likuphunzira. Ngati besi yanu ilibe batire, batani la tone limadula mawu okwera okha; libwezeni mpaka theka, mumve kusintha. Ngati ili ndi batire, treble ikhale pakati kapena kutsikirako pang'ono, musaikweze. Ngati ili ndi ma pickup awiri, ya kufupi ndi bridge (chitsulo chogwira nsambo pa thupi la gitala) ndi imene imatola kwambiri mawu akuthwa, ndiye pendekerani ku ya kufupi ndi khosi. Pa amplifaya, zimitsani kabatani kolembedwa bright ngati kalipo. Mabokosi ambiri a besi ali ndi kasipika kakang'ono ka mawu okwera, tweeter, ndipo kumbuyo kwa bokosi kumakhala batani lokachepetsera. Anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti lilipo. Tsii wambiri amatulukira m'kasipika kameneko.

Ndikukayikira kuti ku tchalitchi kwanu besi imalowa mu mikisa mwachindunji, mwina kudzera mu kabokosi ka DI kolumikizira gitala ku mikisa, n'kukatulukira m'masipika akuluakulu a mawu. Masipika amenewo anapangidwa kuti azitulutsa bwino mawu okwera a anthu oimba, ndiye amatulutsanso kukhula kulikonse kwa zala zanu momveka kuposa bokosi la besi. Khalani pansi ndi mnzanu wa pa mikisayo nthawi ya pulakatisi. Pa tchanelo cha besi atsitse batani la HF kapena high. Ngati mikisa yake ndi ya digito, aike low-pass filter, sefa yodula mawu okwera, cha pa 5 kHz (maulendo 5,000 pa sekondi), n'kumaitsitsa pang'onopang'ono inu mukuimba mpaka kaphokosoko kagonje. Pansi pa 3 kHz musafikepo pokhapokha mukufuna besi yakuda ya reggae. Chenjezo langa ndi ili: asadule mawu apakati. Cha pa 700 Hz mpaka 1 kHz (maulendo 700 mpaka 1,000 pa sekondi) m'pamene khutu limazindikirira noti imene mukuimba, ndipo mukachotsa pamenepo besi imasanduka mdidi wopanda mawu, kwaya n'kumasowa potsamira. Ngati waika compressor yamphamvu pa besi, aichepetse, chifukwa ntchito yake ndi kuyandikizitsa mawu aakulu ndi aang'ono, ndipo phokoso la pakati pa manoti limakwera nawo. Noise gate, chida chokhala ngati chitseko chotseka mawu noti ikaleka kulira, anthu amaithamangira, koma pa vuto ili siithandiza kwenikweni: tsii amabwera mophatikana ndi manoti, chitseko chikadali chotsegula, ndipo mukaiumitsa imayamba kudula michira ya manoti anu aatali.

Za foni ija musade nazo nkhawa kwambiri. Kasipika ka foni sikangathe kutulutsa mawu a maulendo 41 kapena 55 pa sekondi, koma a 3,000 kamawatulutsa bwino lomwe. Ndiye foni imachotsa thupi la besi n'kusiya phokoso lokha. Ngati inali pafupi ndi inu, inatolanso kulira kwa nsambo zenizenizo kosadzera mu amplifaya. Mahedifoni nawo amakulitsa zinthu mukamaimba nokha m'chipinda.

Mukachita zonsezi kwa mwezi umodzi kapena iwiri koma mawu ake osakukhutiritsani, pamenepo ganizirani za mtundu wa nsambo. Besi ya Fender Precision itatuluka mu 1951, nsambo zake zinali zokulungidwa ndi waya wophwatalala, flatwound, zosalala pozikhudza. James Jamerson, amene anaimba besi m'nyimbo zambiri za kampani yojambula nyimbo ya Motown ku Detroit, ankagwiritsa ntchito zoterezi za kampani ya La Bella pa Precision yake, sankazisintha kawirikawiri, ndipo pa bridge pankakhala siponji yofewetsa kulira kwa nsambo. Roundwound zinatchuka m'zaka za m'ma 1960 kudzera ku kampani ya ku England ya Rotosound, imene inagwira ntchito ndi John Entwistle wa gulu la The Who, munthu amene ankafuna besi yowala ngati piyano. Kuwala kumeneko ndi tsii zimachokera pa timizere tomwe tija, ndiye simungatenge chimodzi n'kusiya chinzake kwathunthu.

Pa roundwound zomwezo pali kusiyana. Za stainless steel n'zokhakhala ndipo zimalira kwambiri. Za nickel n'zofewerapo pa chala ndi m'khutu. Onani pa paketi imene munagula ija, mwina yankho lina lili pomwepo. Zilipo zokutidwa ndi kachikopa kopyapyala kwambiri, monga za Elixir, zimene zimachepetsa phokoso ndipo zimakhalitsa, chinthu chothandiza kwa munthu wa manja a thukuta. Zilipo zapakati, monga Half Rounds za D'Addario zimene timizere take anatipala, ndi Pressurewound za GHS zimene anatipsinja. Kenako flatwound zenizeni, monga La Bella, D'Addario Chromes ndi Thomastik-Infeld za ku Vienna. Kumapeto kuli tapewound, zokutidwa ndi nayiloni, zimene phokoso la zala silimveka kwenikweni koma mawu ake ndi ofatsa kwambiri.

Maganizo anga ndi awa. Ngati nyimbo zanu zambiri ndi za kwaya, zopembedza ndi za reggae, flatwound zidzakukomerani. Pogula n'zodulirapo, koma zimatha zaka zikumveka bwino, pamene roundwound zimafa pa miyezi yochepa, ndiye pamapeto pake mumapulumutsa ndalama. Ngati mumakonda slap (kumenya nsambo ndi chala chachikulu), kapena besi yowala yothamanga ya sungura ndi rumba, flatwound zikukhumudwitsani, chifukwa kuthwanima kuja kulibe. Khalani pa nickel roundwound kapena zokutidwa zija. Dziwaninso kuti flatwound zambiri n'zolimba pozikanikiza ndipo zimakoka khosi kwambiri, kupatula za Thomastik zimene n'zofewa, ndiye mukasintha mtundu gitala iyenera kukonzedwanso. Koma ndikupemphani kuti musathamangire kugula musanakonze dzanja. Tsiku lina mudzapatsidwa besi ya eni ake pa ukwati kapena pa msonkhano, ili ndi nsambo zatsopano za stainless steel, ndipo chokuthandizani pamenepo chidzakhala chizolowezi cha zala zanu.

Mukadzalowa mu situdiyo, auzeni ojambulawo msanga kuti nsambo ndi zatsopano. Ali ndi zida zimene pa mikisa ya ku tchalitchi mwina palibe: de-esser, imene anaipangira kuchepetsa ka sss ka mawu a munthu, imagwiranso tsii wa nsambo ikalozetsedwa pa malo ake, ndipo pulogalamu ya iZotope RX ili ndi gawo lochotsera phokoso lomweli. Komabe malo amene phokoso lakula kwambiri ndi bwino kungowaimbanso, chifukwa kuchotsa kochuluka kumaonongako noti yoyandikana nalo.

Muyeso woti muziugwiritsa ntchito ndi uwu. Pa pulakatisi yotsatira, gulu lonse likuimba, pemphani mnzanu mmodzi aike foni kumbuyo kwa tchalitchi, kumene kumakhala anthu, ajambule nyimbo imodzi yothamanga ndi imodzi yofatsa. Mukamvetsere pa sipika yaikulu imene imatulutsa besi, osati pa foni pomwepo. Kaphokoso kamene sikakumveka pamenepo kasiyeni, ndi kulira kwachibadwa kwa nsambo zokulunga ndipo kali m'nyimbo zambiri zojambulidwa bwino. Kamene kakumveka, lembani mphindi yake, mupeze manoti awiri amene kali pakati pawo, ndipo manoti awiri amenewo ndiwo mulowetse m'malo mwa G ndi C pa mphindi khumi zanu za mawa lake.